Chidyamitambo ndi Mng'ono Wake

Gemu ija inafika ku Nabvutika m'belo la zovala zakale za salaula, m'thumba la jekete lachikopa. Mayi amene anatsegula belolo anayesa ndi kaseti yowonongeka, ndipo anaipereka kwa Fackson Miti tsiku lomwe anabweretsa ana ake kudzameta. Fackson anali ndi kachipinda kometera pafupi ndi msika, ndipo pakona panali tivi yakale ndi kamakina ka magemu kamene anyamata ankasewera podikira kumetedwa. Atauzira kakaseti ka gemuko kuti fumbi lichoke ndi kukalowetsa, pagalasi panatuluka phiri lakuda, chimthunzi chanyanga chikumeza mitambo, ndi zilembo za Chijapani zooneka ngati pamene papalasa nkhuku.

Kaseweredwe kake sikanali kovuta kumva. Kamnyamata ka lupanga kankayenda m'midzi youma kakumenyana ndi zilombo, ndipo kakamaliza dera lililonse chimthunzi chija chinkatulukira, n'kuyankhula mizere yambirimbiri, n'kuzimiririka. Sichinkamenyeka. Lupanga linkangodutsa ngati mu utsi, ndipo zitseko zonse za dzikolo zinkatseguka chikafuna icho. Zimenezi zinkawapweteka anyamata.

"A Fackson, chikuti chani ichi?" anafunsa Boaz, kondakitala wa minibasi amene ankathera nthawi yake yopuma pomwepo.

Fackson analekera sukulu panjira kuti azilima mtedza kwawo ku Madzimoyo, mng'ono wake Lemmy aphunzire. Koma pakamwa Mulungu sanammane. Anayang'ana zilembo zija akugwedeza mutu ngati mlaliki, n'kunena kuti dzina lake ndi Chidyamitambo. Anthu anali asanaiwale chilala cha 1992, choncho dzinalo linangokhala lokha.

Tsiku ndi tsiku, sizasi ili m'manja, ankawonjezera mbiri yake. Ankati dziko lisanakhale ndi anthu kunali abale awiri. Wamkulu ndiye anakumba mitsinje ndi zikhadabo, anasenza mapiri pamsana kuwaika m'malo mwake, anathira mchere m'madambo kuti nyama zizinyambita. Wamng'ono sanagwire kanthu. Ntchito yake inali kuyenda pambuyo, manja ali kumbuyo, akutchula mayina: uwu ndi mtsinje, ili ndi phiri. Anthu atabwera anapeza mayina ali m'kamwa mwa wamng'ono, ndipo anamuimbira nyimbo kuti ndiye mwini zonse. Wamkulu anadikira kuti mng'ono wake atsutse, koma iye anangomwetulira n'kulandira mowa. Ndiye wamkulu analowa pansi pa phiri lomaliza limene anasenza, n'kuyamba kumeza mitambo mmodzimmodzi kuti mitsinje yake imene anthu sankamuthokozera iume. Kamnyamata ka lupanga kanali kamdzukulu ka wamng'ono uja, kotumidwa kukapha agogo ake aakulu kosadziwa n'komwe mlandu.

Boaz anali munthu wokayika. Anafunsa kuti zonsezo a Fackson aziwerenga pati, poti zilembozo n'zosadziwika mutu ndi miyendo. Apa ndi pamene Fackson anadzichera yekha msampha. Anakulira m'nyumba ya atate ake, mphunzitsi wa mishoni, mmene nkhani yosalembedwa inali bodza, ndipo sakanatha kunena kuti zikuchokera m'mutu mwake. Anati Lemmy ndiye anamuwerengera. Boaz anakhutira, chifukwa kwa anthu a ku Nabvutika munthu wopita ku koleji ku Lusaka amawerenga chilichonse, ngakhale Chijapani.

Kuseri kwa matabwa ogawa chipindacho kunali Tamiwe Njobvu, telala wa madiresi a sukulu ndi malaya a amayi a chigwirizano. Matabwawo sankafika kudenga. Nkhani ya Chidyamitambo ikayamba, Tamiwe ankatulukira ndi nsalu paphewa, mapini ali kukamwa, n'kukhala pa benchi pakati pa anyamata ngati mnzawo. Iye yekha ndiye ankaikira kumbuyo chimthunzicho.

"Olakwa ni anthu," ankatero. "Munthu akukumbireni mtsinje, imwe muziimbira wina? Ine nikanameza na dzuwa lomwe."

Fackson ankamukonda, ndipo ankamukonda moti nthawi zina ankaiwala mutu umene akumeta. Koma sananene. Munthu amene ankatha kuyankhulira chiwanda cha Chijapani masana onse ankauma pakamwa akafuna kunena mawu ake enieni. Ankadziuza kuti nthawi ilipo, ayambe wafolera nyumba yake ndi malata. Tsiku lina Tamiwe anamufunsa kuti kodi abale awiriwo adzagwirizananso, kapena wamkulu adzaphedwa. Fackson anali asanaganize mathero, ndipo maso a mtsikanayo anamusokoneza. Anayankha kuti akafunse Lemmy, poti ndiye anawerenga zonse.

Lemmy anali kalaliki mu ofesi ina ku boma, wa tayi ndi nsapato zonyezimira ngakhale mwezi wa fumbi. Ankabwera Loweruka lililonse kudzameta kwa mkulu wake. Loweruka limenelo Tamiwe anamufunsa ali pampando. Lemmy sankadziwa chilichonse za Chidyamitambo, koma sanali wopusa. Anayang'ana mkulu wake pagalasi, anayang'ana mtsikanayo, n'kuseka.

"Ni nkhani yaitali iyo. Mukaweruka nikuperekezeni, nikuuzeni panjira."

Fackson anamaliza kumeta mutu umenewo bwinobwino, mpaka kupukuta tsitsi m'khosi. Madzulo anawaona akutsetsereka limodzi cha ku msika, Lemmy atanyamula thumba la nsalu. Zimene anakambirana panjira sanazimve, koma Loweruka lotsatira anaperekezananso, ndipo za Chidyamitambo Tamiwe sanafunsenso.

Nsanje inamulowa Fackson ngati chitsotso. Ankadana ndi tayi ya Lemmy, kaseko kake, ngakhale fungo la mafuta ake atsitsi. Chinkamuwawa kwambiri n'chakuti Lemmy sanabe kanthu. Anachita kupatsidwa, ndipo wopereka anali iye mwini. Nkhani ya gemu nayo inawawa. Tsopano wamng'ono uja, wotchula mayina, anali ndi manja ofewa ndi mawu a m'mphuno, ndipo kamnyamata ka lupanga kakafa Fackson ankasangalala poyera. Chidyamitambo akatulukira, Fackson ankamuyankhulira mwaukali moti wometedwa ankagwira khutu lake kuopa sizasi. Boaz anadandaula kuti masiku ano munthu ukamasewera umamva ngati wolakwa ndiwe.

Mvula itatha, atate awo anamuitana Fackson ku Madzimoyo. Anakhala pakhonde atavala magalasi, Baibulo lili pambali, n'kumuuza kuti Lemmy wapeza mbeta, mwana wa a Njobvu a kutsidya kwa dambo. Wokafunsira anali atate awo aang'ono, a Simoni, koma a Simoni anali achibwibwi, ndipo akachita mantha mawu ankawathawiratu.

"Upite nawo iwe. Pabanja pano wodziwa kuyankhula ndiwe, ukamuyankhulire mng'ono wako."

Fackson anavomera, chifukwa atate ake sankakanidwa. Njira yonse ya kutsidya, a Simoni ali patsogolo ndi njinga, iye ankasankha mawu owononga nawo. Sakanafunika kunama. Akanangotchula mokhala ngati zamupulumuka kuti ku Lusaka Lemmy anali ndi anzake ambiri aakazi, kapena kungozengereza pang'ono akafunsidwa za khalidwe lake. Anthu a mpingo ngati a Njobvu amamva kuzengereza kuposa mawu. Anasangalala ndi maganizo amenewo, ndipo sanachite nawo manyazi.

Anawalandira pansi pa mtengo wa mango. A Njobvu anali munthu wamfupi wosekaseka, ndipo akazi awo anakhala pamphasa chapatali. A Simoni anayamba bwino, ananena kuti achokera kwa a Miti, kuti mwana wa kwawo waona mwana wa pakhomo pano. Atafika pa dzina, chibwibwi chinawagwira. A Njobvu sanadikire. Anatembenukira kwa Fackson nkhope yonse ili mano.

"Musavutike, a Miti, tikumudziwa. Si uyu wometa? Koma mwana iwe wachedwa. Chaka chatha dzina lako silinkachoka pakamwa pa Tamiwe. Akabwera kuno, nkhani ni ya iwe na chiwanda chako chodya mitambo, mpaka amake anayamba kusunga nkhuku za alendo. Titaona zii tinati kapena tinamva molakwa. Ndipo wabwera wekha, osaopa?"

Amayi aja anaseka chogwira pakamwa. A Simoni anayang'ana Fackson mopempha thandizo.

Fackson anamva ngati wamenyedwa ndi mpini pachifuwa. Ndiye kuti khomo linali lotsegula chaka chonse, iye ali kuseri kwa matabwa kudikira malata. Kwa kamphindi anafuna kungokhala chete, kulola kuti cholakwikacho chikule mpaka chisathekenso kubweza. Mawu owononga aja analinso pomwepo, okonzeka. Koma anali atatumwa ndi atate ake, ndipo a Simoni, amene anamuphunzitsa kugwira khasu, anali kutuluka thukuta pambali pake.

"Pepani atate, si ine. Ine nangoperekeza. Mwini nkhani ni mng'ono wanga Lemmy."

Kumwetulira kwa a Njobvu kunachepa. Anafunsa kuti wamng'ono akudumpha bwanji mkulu wake, ndipo ndi munthu wotani ameneyo, poti iwo sanamuonepo. Apa pakamwa pa Fackson panagwira ntchito yake, mwini wake asakufuna. Ananena za Lemmy amene ankayenda wapansi kupita ku sukulu mvula ikugwa, amene sanalawepo mowa, amene amagulira amayi awo mankhwala osauzidwa. Zonse zinali zoona, ndipo zimenezo zinamupsetsa mtima koposa. Ankamva mawu ake akukoma, akuona a Njobvu akufewa, ndipo ankadana ndi liwu lililonse. Pomaliza a Njobvu anamuitana Tamiwe kuchokera kukhitchini n'kumufunsa ngati akumudziwa Lemmy Miti. Anagwada pafupi ndi amayi ake, n'kuvomera motsitsa mawu kuti akumudziwa.

Pobwerera a Simoni, chibwibwi chitawasiya, anamuyamikira njira yonse kuti mwana wa mkulu wawo ali ndi lilime lagolide.

Lolemba masana ku Nabvutika kunali phokoso. Boaz anali atafika pansi pa phiri lakuda, malo amene aliyense anali asanafikepo, ndipo anyamata anadzaza mpaka pawindo. Chidyamitambo anatuluka mumthunzi koyamba. Sanali chilombo chachikulu monga ankayembekezera. Anali nkhalamba yopindika msana, ya manja aakulu kuposa mutu, ndipo zilembo zinayamba kutsika pagalasi.

Nthawi yomweyo Fackson anamva kuwomba m'manja panja. Anatuluka. Tamiwe sanalowe monga ankachitira. Anali atagwada pafumbi, patali ndi khomo, chitenje atachikokera mpaka kumapazi, maso ali pansi. Kwa Angoni a kuno mkulu wake wa mwamuna sachitirana nthabwala ndi mkazi wa mng'ono wake. Amalemekezedwa ngati apongozi, sukhala naye benchi imodzi, sumuyang'ana m'maso. Fackson ankaudziwa mwambowo kuyambira ali mwana, koma pansi pa mango paja sanaganize kuti ndi umene akudzimangira.

"Alamu," anatero Tamiwe, "amama akuti sikoyenera kuti nizisokera khoma limodzi na imwe. Makina nisamutsira kwa azakhali ku Kapata. Nabwera kutsazika, na kuthokoza pa zimene munatiyankhulira."

Fackson anafuna kumufunsa ngati zinali zoona za chaka chatha, ngati anadikiradi. Funso limenelo tsopano silikanatheka kufunsidwa, lero kapena tsiku lina lililonse mpaka imfa. Anangoyankha mawu oyenera munthu wamkulu, kuti zikomo amayi, muyende bwino.

M'kati anyamata ankamuitana kuti abwere msanga, nkhalamba ikuyankhula ndipo Boaz akuopa kudina batani asanamve zimene ikunena. Fackson anasuzumira pakhomo n'kuyang'ana zilembo zija kwa nthawi.

"Akuti menyani, watopa," anatero.

Sanadikire kuona. Analowa m'chipinda cha Tamiwe, anamasula mutu wa makina osokera pathebulo lake, n'kuusenza paphewa. Unali wolemera kuposa mmene ankaganizira. Anatsogola panjira ya ku Kapata, ndipo Tamiwe anadikira kuti atalikire ndithu asanadzuke n'kuyamba kumutsatira.