Chipsera cha Kumanzere

Foni inalira Joelle akupinda malaya a bambo ake, Dwight Halvorsen, amene anawaika m'manda Loweruka.

"Kuno ndi kuchipatala cha khungu ku Duluth," anatero mayi wina. "Tikukumbutsa a Marlys Halvorsen kuti opaleshoni ya chipsera chawo ndi Lachinayi. Amuna awo aimba m'mawa uno kutsimikiza."

"Mwati aimba liti?"

"Cha m'ma 9 koloko. Mawu amamveka patali, koma anati tsikulo tisasinthe."

Joelle anapita kukhitchini. Amayi ake, a Marlys, anali pawindo kuyang'ana chipale chofewa. Mchimwene wake Curtis anali atagwira khadi la akaunti ya ndalama zachipatala, zimene malemuwo ankadulitsa pamalipiro mwezi ndi mwezi.

"Muli madola 31,000!" anatero Curtis atamva za foniyo. "Munthu ankakana kukapimitsa mtima ati n'zodula, kumangosisita pachifuwa. Kusungira chipsera?"

"Achimwene, mwandimva koma? Akuti aimba lero."

"Asokoneza masiku amenewo, iwe. Ndipo khadi ili salipirira zodzikongoletsa. Titape ndalamazi, tilipire a maliro."

A Marlys anatsegula kabati n'kutulutsa kalata ya dokotala. Inkanena kuti chipseracho, chochokera pakhutu lakumanzere kufika pachibwano, chinabwera ndi ngozi ya galimoto, choncho khadilo likhoza kulipira.

"Galimoto ija ankayendetsa ndi bambo anu," anatero. "Zaka 22, sanapepesepo ndi pakamwa. Ine ndinali n'tachizolowera. Amene sanachizolowere ndi bambo anu."

Curtis anati, "Ndiye musapite, Amayi. Ndalama zimenezi ndi zimene zawapha."

"Ndikapanda kupita aimbanso."

Curtis anafuna kuseka, koma foni inalira. Onse atatu anangoiyang'ana. Inalira kanayi n'kusiya. Curtis anaika khadi lija patebulo n'kulikankhira kwa amayi ake ndi chala chimodzi.

Lachinayi Joelle anawaperekeza. Atatsika galimoto anafuna kuwagwira mkono wakumanzere.

"Bwera mbali ino," anatero a Marlys. "Uko n'kwa bambo ako. Ankayenda kumeneko kuti anthu aziona iwowo, osati tsaya langa."

Anayenda pang'onopang'ono m'chipale, kumanzere kwa a Marlys kuli mpata wa munthu mmodzi. Chitseko chagalasi chinatseguka chokha, iwo n'kulowa. Joelle atacheuka, chinali chikadali chotsegula, mphepo yozizira ikulowa, panja popanda munthu.

A Marlys sanacheuke. Anangoima n'kudikira.

"Sasani nsapato, Dwight," anatero chapansipansi.

Patapita kanthawi, chitseko chinatsekeka.