Dzanja la Mkamwini Wanga

Kwathu ku Dedza mkamwini sitimuyang'ana kumaso. Ukamuona akubwera, umapatukira m'chimanga. Nanga m'fulati ya ku Scarborough, kuno kutsidya kwa nyanja, upatukira kuti? Ndiye zaka zitatu zonsezi ndakhala ndikuyang'ana manja a Boniface, mwamuna wa mwana wanga Kettie. Nkhope ndingaisokoneze, koma manja ake ndimawadziwa.

Munthu wamkulu wandevu zake, nesi wobaya ana akhanda kuchipatala, koma Loweruka lililonse ali pathebulo ndi tizidole. Ati ndi asilikali amakedzana a ku Spain, ena Akhristu, ena Aluya. Amadula mutu wa aka ndi kampeni n'kuumata ndi guluu pa kena, ati kaoneke kachilendo. Kenako penti. Kachishango kochepa ngati chikhadabo changa, iye n'kujambulapo mkango! Akamaliza amanyamula kupita ku Etobicoke kukamenyanitsa ndi ta anzake achizungu. Nkhondo ya anthu okhuta.

Kettie amadana nato tizidoleti, ndipo ine mkangano wawo ndimaukonda kuposa wailesi yakanema. Akayamba, ndimakoka mpando.

Koma chisanu cha kuno chitangoyamba ndinaona kanthu. Burashi ikayandikira kachishango, nsonga yake inkavina. Iye n'kugwira dzanja lamanja ndi lamanzere, n'kulipanikiza pathebulo. M'kabati yagalasi momwe amasunga tizidoleti, asilikali akale mikango yawo ili bwinobwino. Ya atsopanowa, ngati nkhuku yopondedwa ndi galimoto. Ngakhale kapu ya tiyi anayamba kunyamula ndi lamanzere. Sindinauze munthu. Ndinkadikira tsiku loti nkhaniyi ikome.

Linafika Lamulungu lina titabwera kutchalitchi. Botolo la penti wofiira linagubuduka pansalu yoyera ya pathebulo, imene Kettie amayalira alendo.

“Abambo a Naomi, zidole zanuzi ndidzazitaya m'bini!” anakuwa Kettie. “Ndatopa nazo ine!”

“Laterereka botolo basi. Ndi penti chabe, Kettie.”

“Penti chabe? Muchapa ndinu?”

Ine ndinatembenukira kukhoma, mwaulemu wake, n'kulankhula kudzera mwa mwana wanga monga timachitira. “Kettie, uwafunse apongozi. Dzanja limene likukanika kujambula mkango, ndi lomwelo likubaya ana a eni ake?”

Ndinkayembekezera kuti denga lisasuke. Koma Kettie anangolunjika ku kabati ija.

Kettie amagwira ntchito yosamalira nkhalamba, manja onjenjemera amawaona tsiku ndi tsiku. Anatsegula kabati, n'kutenga msilikali mmodzi wakale ndi mmodzi watsopano, n'kuwaimika pamodzi. Anawayang'ana nthawi yaitali.

“Tambasulani manja,” anatero.

“Kettie, amayi ali pompano.”

“Amayi aona kale. Tambasulani.”

Anatambasula. Lamanzere linali phee. Lamanja linkagwedera lokha, chala chachikulu chikusisita chinzake ngati akuyesa ufa.

“Zinayamba liti?”

“Novembala.”

“Kuntchito akudziwa?”

Boniface anakhala pansi. Mawu ake anatuluka aang'ono. “Sabata yatha ndinaphonya mtsempha wa kamwana katatu. Kobadwa masiku osakwana. Ndinanamizira kuti mtsempha wake ngwobisala, mnzanga n'kudzabaya.”

 Ine ndinabereka asanu ndi awiri, kulira kwa khanda lobayidwa ndimakudziwa.

“Mawa mukawauze akuluakulu anu,” anatero Kettie. “Mukapanda kunena, ndikanena ndine.”

“Andichotsa m'wodi ya ana. Zaka khumi ndi zisanu, Kettie. Ntchito ina ndikuidziwa ine?”

“Ndiye mudikira mpaka mupweteke mwana wa munthu?”

 Penti uja anali atafika m'mphepete mwa thebulo, akudontha pansi, ndipo palibe anatenga chiguduli.

Lolemba anapita m'mawa monga mwa masiku onse. Dzuwa lisanafike pamutu anali atabwerako, yunifolomu ili m'pepala lapulasitiki. Amuuza kuti asakhudzenso jakisoni mpaka dokotala wa mitsempha amuyeze, ndipo dokotalayo malo ali nawo mu Epulo. Anandipatsa moni waulemu, n'kulowa kuchipinda.

Kettie sakundilankhula, lero ndi tsiku lachinayi. Ati ndikanamuitanira pambali mu Novembala momwemo, osati kusunga matenda a mwamuna wake kuti ndidzakometsere mkangano. Akunena zoona, ndipo sindimuuza. Kamwana kaja sindikudziwa n'komwe dzina lake, koma kanabayidwa katatu ine nkhani ndili nayo m'kamwa.