Mahedifoni Opanda Mabowo

Mahedifoni anga akale anafa khutu lakumanzere mu Ogasiti wa 2006, ndipo ndinawadandaula kwambiri. Anali otchipa, apulasitiki, a mtundu uja wokhala ndi timabowo kuseri kwa makutu, woti ukavala, munthu amene ali pafupi nawe amamva zimene ukumvera. Koma sankanama. Nyimbo ikakhala yoipa ankakuuza kuti ndi yoipa. Ndi omwewo ndinajambula makwaya asanu ndi awiri m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya mayi ku Chilinde, kamene ndinakhomamo mathireyi a mazira m'makoma n'kukatcha situdiyo.

Dzina langa ndine Vaileti. Ntchito yojambula nyimbo ndinaiphunzira kwa bambo wina wochulukitsa makaseti ku Kawale. Masiku amenewo, mkazi wokhala pakompyuta n'kumauza amuna akuluakulu kuti "bwerezani, mwaphonya" anali wodabwitsa. Ndinalibe chikwangwani pamsewu, ndinalibe galimoto. Makwaya ankabwera chifukwa chongouzana kuti mtsikana wa ku Chilinde uja ali ndi khutu. Dzina limenelo ndilo linkandidyetsa, ndipo china ndinalibe.

Nditaona kuti akalewo atha ntchito, ndinaganiza zokwera pang'ono. Kwa milungu itatu ndinkapita kukafe ya intaneti kutauni, kumene tsamba limodzi linkatseguka iwe utayamba kale kuwodzera. Ndinawerenga mikangano ya anthu a kunja yokhudza mahedifoni mpaka mutu kuwawa. Pamapeto ndinatsala ndi mitundu itatu. Woyamba mtengo wake unali wa anthu olemera a ku Area 10. Wachiwiri unkafuna kabokosi kowonjezera mphamvu, kamene ine ndinalibe. Wachitatu unali wotuwa, wosakongola, wa mabowo kuseri ngati anga akale, koma onse amene anaugwiritsapo ankanena chimodzimodzi: suwonjezera kanthu panyimbo, suchotsaponso kanthu. Ndinalemba dzina ndi nambala yake papepala ndi zilembo zikuluzikulu, n'kusindikizanso chithunzi chake.

Mu Lilongwe monse munalibe. Koma malume anga a Gwanda, achimwene awo a mayi, ankayendetsa thiraki ya ku Joni. Analinso wapampando wa kwaya ya kutchalitchi kwathu komanso woimba besi, ndipo kwaya imeneyo ndinali nditangoijambula nyimbo khumi. Chinatsala chinali kulinganiza mawu kuti wina asamize mnzake, ntchito imene sungaigwire ndi khutu limodzi.

"Malume, chonde, awa enieniwa," ndinatero ndikuwapatsa pepala ndi ndalama. "Akakhala kuti kulibe, mungobwerera nazo."

"Iwe, Joni ndinayamba kupita usanabadwe," anatero akupinda pepalalo osaliwerenga.

Kandimverere adakanena za m'maluwa. Patapita masiku khumi thiraki inaima pamsewu, malume n'kulowa ndi bokosi lalikulu lonyezimira. Mayi anaitana mpaka aneba. Nditatsegula, mtima unagwa. Munali mahedifoni akuda, onenepa, a mizere yofiira, otsekeka kuseri konse, amene amavala anyamata oyendetsa madisiko.

"Ndafika m'shopu muja, ndamuonetsa wogulitsa kapepala kako," malume anayamba kufotokoza atakhala pampando wa malemu bambo. "Wanditulutsira zinthu zotuwa, kuseri kuli mabowo ngati sefa. Ndati, bwana, ndalama za mwana wa mlongo wanga zigule sefa? Ndi fumbi la ku Chilinde lija? Ndavala, besi kulibe. Ndavala awa, eee, mpaka mano kunjenjemera! Awa ndiye orijino. Anali odula kuposa ako aja, koma ndinawonjezera zanga."

Pamenepo ndi pamene anandimangira manja. Munthu wamkulu akawonjezera zake, ulibenso pakamwa. Mayi anandiyang'ana ndi diso lija limene mwana aliyense amalidziwa, ndipo ine ndinagwada, kuwomba m'manja n'kunena kuti zikomo malume. Milungu itatu ya kuwerenga, munthu n'kuigubuduza m'mphindi zisanu chifukwa mano ake ananjenjemera!

Mawa lake m'mawa ndinawayesa. Anali abodza kuyambira nyimbo yoyamba. Chilichonse ankachinenepetsa kumunsi. Ng'oma yaing'ono inkamveka ngati mgolo, ndipo besi ya malume inkadzaza mutu wonse. Ine ndinkadziwa kuti m'kompyutamo besiyo inali pamalo ake, chifukwa ndinaijambula ndekha. Choncho ndinkalinganiza ndi mahedifoniwo kenako n'kukamvera pawailesi ya mayi ya pabalaza, uku ndi uku, masiku anayi, mpaka nyimbo zonse khumi zinakhala bwino.

Lachinayi masana komiti ya kwaya inabwera kudzamvera. Anali malume, Amayi Jemima amene ankaphunzitsa kwayayo ndi kutsogolera masopulano, ndi abambo ena awiri. Ndinafuna kuika nyimbo pawailesi, koma malume anakweza dzanja.

"Tisiye chida cha ku Joni n'kumamvera pawailesi yomverapo mauthenga a maliro? Bweretsa kuno."

Anavala. Ndinaona nkhope yawo ikusintha.

"Aaa, ayi. Ineyo ndikumiza anzanga chonchi? Anthu adzati wapampando anadzikondera. Tsitsa besi."

"Malume, besi ili bwino. Mahedifoniwa ndi amene akuwonjezera. Tikatsitsa, pasipika sidzamveka."

"Ndikumva ndi makutu angawa, iwe ukuti chiyani?"

Abambo awiri aja anavalanso mmodzimmodzi, n'kugwedeza mitu kuti shuwa, besi yachuluka. Akanatsutsa bwanji pamene wapampando wanena kale? Amayi Jemima anamvera pang'ono, n'kuvula, n'kumayang'ana mathireyi a mazira ngati akuwawerenga.

Ndinakana kachiwiri. Ndinakana kachitatu. Ndinapempha kuti angomvera nyimbo imodzi yokha pawailesi, imodzi basi.

"Vaileti," malume anatero motsitsa mawu, zimene zinali zoopsa kuposa kukalipa, "kodi vuto ndi besi, kapena vuto ndi loti sunakonde mphatso yanga?"

Mayi anali pakhomo ndi thireyi ya tiyi, ndipo anamva. Ndinagwira mbewa ya kompyuta n'kutsitsa. Malume anati tsitsanso. Ndinatsitsanso. Ndinatsitsa mpaka anamwetulira, n'kuchita chimodzimodzi pa nyimbo zonse khumi, iwo ataima kumbuyo kwanga. Sidi anaitenga okha, Lachisanu n'kukaipereka kwa ochulukitsa. Pachikuto analembetsa ndi zilembo zooneka bwino kuti yojambulidwa ndi Vaileti wa ku Chilinde. Amati mawu a akuluakulu amakoma akagonera. Awa anagonera milungu iwiri, ine ndikudikira kuti anunkhe.

Mwambo wokhazikitsa chimbalecho unachitika Lamlungu masana m'tchalitchi. Munadzaza. Kunabwera kwaya ya ku Biwi ndi ina ya ku Area 23, zonse ziwiri zimene atsogoleri ake anali atayamba kale kundifunsa za masiku ojambula. Anabwereka masipika akuluakulu awiri. Abusa atapemphera, malume anakweza sidi m'mwamba, anthu n'kululutira, kenako inaikidwa.

Nyimbo inayamba ngati ikuimbidwira m'chitini. Masopulano ankabaya m'makutu. Kumunsi kunalibe kalikonse, ngati amuna onse a m'kwaya anapita kumaliro tsiku lojambula. Pamalo pamene malume amalowa okha ndi mawu awo aja, panangomveka kamphepo. Nthungululu zinazima. Mtsogoleri wa kwaya ya ku Biwi anatenga chikuto, kuwerenga, n'kutembenuka kundifunafuna ndi maso. Ndinalakalaka benchi itandimeza.

Nyimbo yachiwiri isanathe, malume anauza wa masipika kuti azimitse. Anatenga maikolofoni, n'kuima kutsogolo ndi nkhope yachifundo.

"Abale ndi alongo, tonse tamva. Koma tisamuweruze. Amene anagwira ntchitoyi ndi mwana wa mlongo wanga. Akadali wamng'ono, komanso mukudziwa, zamakinazi kwa mwana wamkazi n'zovuta. Ine mbali yanga ndinayesetsa, ndinamugulira chida chapamwamba ku Joni, koma chida pachokha sichigwira ntchito. Ndikupempha kuti monga Akhristu timukhululukire."

"Ameni," tchalitchi chinayankha. Ena mpaka anawomba m'manja.

Kundikhululukira! Ine! Mkwiyo umene ndinaumeza tsiku logwada lija, ndi wa Lachinayi lija, unakwera wonse nthawi imodzi mpaka ndinaumva m'makutu. Kundisinthira katundu ndinapirira. Kundiwonongetsa ntchito ndi dzanja langa lomwe ndinapiriranso. Koma kunditenga dzina pamaso pa makwaya atatu, n'kundibwezera chikhululukiro ngati chenji, zimenezo ayi.

Ndinaimirira. Mayi anandigwira chitenje.

"Khala pansi," ananong'ona. "Ndi malume ako."

Ndinachotsa dzanja lawo pang'onopang'ono n'kuyenda kupita kutsogolo. Malume anandipatsa maikolofoni akumwetulira, poganiza kuti ndabwera kudzapepesa.

"Zikomo, koma musandikhululukire," ndinatero, "chifukwa sindinalakwe. Mahedifoni amene ndinatuma si amene anabwera. Amene anabwerawo amanenepetsa besi, ndipo ndinanena. Nyimbozi ndinazilinganiza bwinobwino, zoyambazo zikadalipo m'kompyuta, aliyense akhoza kubwera kudzamva. Besi ndinaitsitsa chifukwa ndinalamulidwa." Ndinatembenukira kumene kunakhala kwaya. "Amayi Jemima, inu munalipo. Ndikunama?"

Amayi Jemima anali munthu woti m'moyo wawo wonse sanatsutsepo mwamuna pagulu. Anayang'ana pansi, ine n'kuyamba kuganiza kuti ndadzikumbira dzenje ndekha. Kenako anaimirira, atagwira benchi yakutsogolo.

"Mwanayu sakunama," anatero. "Anakana katatu. Tinamukakamiza ndife."

Palibe amene anati ameni. Mtsogoleri wa ku Biwi uja anandiyang'ana n'kugwedeza mutu kamodzi. Malume anatola chipewa chawo patebulo, n'kudutsa pakati pa mabenchi osafulumira, mpaka kutuluka panja. Mayi anadzuka n'kuwatsatira osandiyang'ana, ndipo ine ndinatsala kutsogolo ndi maikolofoni m'manja, osadziwa woti ndimupatse.