Chigayo m'chifuwa mwa Gelson

Gelson anabadwa wonenepa, koma posakhalitsa anayamba kubwerera m'mbuyo. Akayamwa pang'ono ankalavula bere n'kumapuma mwawefuwefu, thukuta lili kamukamu pamphumi. Mayi wake, Hélia, amene ankakhala ku Milange n'kumagulitsa nyemba ndi nandolo pamalire a Muloza, anasiya malonda n'kuthamangira naye kuchipatala.

Dokotala wamkazi, a Filipa, anamvetsera pachifuwa pa mwanayo ndi choyezera kwa nthawi yaitali. Kenako anamuveka Hélia choyezeracho m'makutu.

"Mukumva chiyani, mayi?"

"Chigayo," anatero Hélia. "Chikungolira osapuma."

"Ndi magazi amenewo. Mwana akakhala m'mimba sapuma, mpweya amaulandira kwa inu kudzera mu nsengwa ndi mchombo. Mapapo ake amakhala alibe ntchito, ndiye pamwamba pa mtima pamakhala kamtsempha kachidule kolambalalitsa magazi kuti asapite ambiri kumapapoko. Inu a pamalire njira zachidule mumazidziwa."

Hélia ankazidziwadi. Tsiku lililonse ankaona anthu akuwoloka mtsinje, matumba ali pamutu, kuzemba pageti.

"Tonsefe tinali nako," anapitiriza dokotala. "Mwana akabadwa n'kuyamba kupuma, kamatseka kokha. Ka Gelson sikanatseke, n'chifukwa chake magazi akusefukira m'mapapo. Mupite naye ku Quelimane akamuunike mtima. Kamatheka kukatseka, koma musachedwe."

Kunyumba anapeza apongozi ake, a Palmira, atafika kuchokera ku Mongue ndi mizu m'kachitenje. Mwamuna wake, Amândio, anali pakhonde akupukuta njinga yosada n'komwe. Hélia anafotokoza zonse, za kamtsempha, za chigayo, za ulendo. Apongozi anamvetsera kukamwa kuli tsonga ngati akumva bodza la mwana woba shuga.

"Limeneli ndi tsempho," anatero. "Mwana sawonda chonchi popanda wina kuyenda kunja kwa banja. Mwamusempha mwanayu."

Sanafunse kuti wasempha ndani. Anali atagamula kale ali panjira. Ndani winanso, ngati si mkazi amene ankakhala tsiku lonse pamalire ndi mimba yake, kumaseka ndi akabaza ndiponso onyamula katundu? Mwana wawo wamwamuna ankamuona ngati mngelo wa pakhoma la tchalitchi.

"Mankhwala ndabwera nawo, koma sagwira ngati wolakwa sanaulule. Mutchule dzina la mwamunayo. Musanatchule, mdzukulu wanga satuluka pakhomo pano."

Hélia anaima mutu. Akatchula dzina labodza, mwana amwetsedwa mizu n'kukhala pakhomo, chigayo chikumupera. Akakana, mwana akadzafa, Milange yense adzati hule anapha mwana wake pobisa chibwenzi. Mkwiyo unamukwera.

"Amayi, bweretsani dzanja lanu."

Anagwira dzanja la apongozi n'kuliika pachifuwa pa Gelson. Pansi pa nthiti zoonekerazo pankanthunthumira.

"Mwamva? Kamtsempha kameneka kanamera ali m'mimba mwanga, mmene kanamerera mwa inu muli m'mimba mwa amayi anu. Palibe mwamuna wa pamalire amene analowa m'menemu kukatsekula."

"Ndi tsempho lomwelo likumudya."

"Dzina mukufunalo ndilibe, ndipo sindipeka. Mimba ndinasenza ndekha, kubereka ndinabereka ndekha. Lero ndinyozedwenso kuti mwana wanga aloledwe kuchira? Iyayi!"

"Mukatuluka naye, musadzanditchulenso apongozi."

"Ndidzakutchulani agogo a Gelson. Zimenezo ndiye zikufunika kuti akhale moyo."

Anabereka mwana, kumanga mbereko mfundo yolimba, n'kutenga kachikwama ka matewera. Apongozi anaima pakhomo atatambasula manja. Hélia sanawakankhe. Anangoyenda molunjika, maso ali pamsewu, ndipo mayi wachikulireyo anapatuka yekha.

Atafika pafupi ndi msika anamva njinga ikumutsatira. Anali Amândio, amene pa mkangano wonse uja sanatsegule pakamwa. Hélia anakwera. Anadutsa ogulitsa makala, anadutsa osintha makwacha. Atatsala pang'ono kufika pokwerera chapa, minibasi zija za ku Mocuba ndi Quelimane, Amândio anamanga mabuleki n'kutsika. Nkhope yake inali yotuwa.

"Mayi a Gelson, tibwerere. Amayi akunena zoona, koma alakwitsa munthu." Anapitiriza motsitsa mawu. "Muli ndi pakati paja, ine ku Limbuli kunali mkazi. Ndamupha ndine mwanayu. Tiyeni ndikaulule, amwe mankhwala aja."

Hélia anamuyang'ana. Zinamupweteka, osati pang'ono. Munthu ameneyu anali pakhonde pomwepo, kumapukuta njinga, mkazi wake akutchedwa hule chifukwa cha tchimo la iye. Anafuna kumuwaza mbama msika wonse ukuona. Kumbuyo kwake Gelson anatsokomola, kachifuwa kaja kakunthunthumira pamsana pake.

"Mwana wanga simunamuphe, ali moyo uyu," anatero. "Ndipo musadzikweze, bambo a Gelson. Uve wanuwo ulibe mphamvu yofika mumtima mwa mwana wanga. Wafika mwa ine basi."

"Nanga mankhwala aja?"

"Kamweni inuyo. Mukaululenso kwa amayi anu, mokweza, aneba amve monga anamvera za ine."

Kondakitala ankamenya chitseko cha chapa akuitana okwera. Hélia anamasula mbereko, kumusunthira Gelson kutsogolo kuti asapanikizike, n'kuponda pachitsulo.

"Ndibwere nawo?" anafunsa Amândio.

"Nkhani yanu idikire, ndidzaimva bwinobwino ndikabwera. Lero ndili ndi kamtsempha kofunika kutseka."

Anakhala pampando wa pawindo n'kumupatsa mwana bere. Gelson anayamwa pang'ono, kupuma, n'kuyambiranso. Chapa itanyamuka, Hélia sanacheuke.