Mbale Yobenthuka ya Namaluwa

Amuna anga a Malcolm sankadziwa Chitchaina ngakhale liwu limodzi, koma kwa zaka ziwiri ankadyera Chitchaina chomwecho. Ndisabise, nanenso ndinkadya nawo.

Ine ndinkagwira ntchito ya m'nyumba ku Msasani, mumzinda wa Dar es Salaam, kwa mayi wina wa ku China amene amuna ake anatsegula fakitale ya patapata ku Mikocheni. Inali nthawi ija boma la kuno litangomasula malonda, aliyense akuitanitsa katundu mmene angathere, mavidiyo atadzaza ku Kariakoo ngati tomato. Madamu ankasungulumwa. Mwezi ndi mwezi mng'ono wawo ankawatumizira makaseti a sewero la pa TV la kwawo. Akaonera, akalira, akamina, ankandibwereka. Ine n'kuwakulunga m'chitenje, n'kukwera madaladala awiri, maminibasi a kuno, mpaka ku Chang'ombe kumene tinkachita lendi kuseri kwa galaja.

Kumeneko a Malcolm anali ndi madeki awiri a vidiyo, maikolofoni imodzi ya waya womangamanga ndi kope la ana asukulu. Ankaonera gawo kawiri katatu, n'kupeka zimene anthuwo akunena, n'kulemba. Kenako tinkatsitsa mawu a Chitchaina n'kumalankhula pamwamba pake, iwo mawu a amuna, ine a akazi. Akuti kandimverere anakanena za m'maluwa, koma ife za m'maluwazo ndi zimene zinkatigulira mpunga. Madalaivala a malole a kwathu obwera kudzatenga katundu kudoko ankanyamula makasetiwo n'kukawamwaza m'mavidiyo sho kuyambira ku Karonga mpaka ku Balaka.

Sewerolo linali la mtsikana wosoka zovala, amene a Malcolm anamutcha Namaluwa, ndi mnyamata wa magalasi amene ankasakidwa ndi azibambo a zipewa zakuda chifukwa cha kalata ina imene anaba. Lero agwirana manja pamlatho, mawa mtembo wapezeka m'chitsime. Anthu ankafuna kudziwa zinthu ziwiri basi: ngati awiriwo adzatengane, ndiponso amene ankaulula malo obisala a mnyamatayo.

Mwa madalaivala onsewo, Jeremiya yekha ndiye ankalowa m'nyumba mwathu osaodira. Ngwakwathu ku Mponela. Ankanditchula kuti alamu, ngakhale ukwati umene ukanatipanga chilamu sunachitike. Mkulu wake, Edward, anali mphunzitsi, ndipo anali atandifunsira ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Analankhula m'kalasi zimene anthu masiku amenewo ankangolankhula mumtima, ndipo anayamba kusakidwa. Amalume anga anamubisa m'chigayo chawo, kuseri kwa matumba a gaga. Amayi ake ankamuphikira futali, chakudya chake chapamtima, ine n'kumakampatsira m'mbale yawo yobiriwira yobenthuka m'mphepete. Patatha masabata atatu anamugwira. Ndende zitatsegulidwa zaka zapitazi, ena anatuluka, iye sanatuluke.

Zimenezi ndi zimene Mponela yense ankadziwa. Ankadziwa kuti ine Ndaona ndine mtsikana wolimba mtima amene anadyetsa munthu wosakidwa. N'chifukwa chake Jeremiya ankandinyamulira shuga ndi zitenje zopita kumudzi osafuna kanthu. Iyeyo ndi amene anandiuza kuti chigayo chija chinafa, ndipo m'nyumbamo munthu wina anaikamo vidiyo sho. Sipika amaiika panja yoitanira anthu, ndipo amayi ake a Jeremiya amagulitsa zitumbuwa pakhomo pomwepo. Akamva mawu anga amauza aliyense wogula kuti ameneyo ndi mpongozi wanga uja, ali ku Dar es Salaam. Jeremiya ankasimba zimenezi akuseka.

Zimene Mponela sankadziwa n'zakuti tsiku lina ndikupita kuchigayo, azibambo atatu anandiimitsa n'kundikweza m'galimoto yopanda nambala. Sanandimenye. Anangotchula dzina la amayi anga, la amalume, ndi la mng'ono wanga wa sitandade fayifi, mmodzimmodzi, mofatsa. Ine sindinatchule malo. Ndinangowauza kuti atsatire mbale. Nditalowa m'chigayomo Edward anamwetulira n'kunena kuti, “Wafulumira lero.” Mawu ake omaliza kwa ine ndi amenewo. Ndinathawa kwathu osati chifukwa cha boma ayi, koma chifukwa amayi ake ankabwera m'mawa uliwonse kudzandithokoza.

Munthu mmodzi yekha pansi pano ndi amene ndinamuuza. Chaka chachiwiri cha banja ndinadwala malungo oti ndinkaona ngati ndapita, ndipo ndinaopa kufa ndi katunduyo. A Malcolm anandigwira dzanja, analira nane, n'kulumbira kuti nkhaniyi adzalowa nayo m'manda. Ndinawakhulupirira. Ndinawakonda kuposa kale, chifukwa munthu amene wakuona maliseche a mumtima osakuthawa, umati wapeza kwanu.

Chaka cha 1995 ndinali nditaganiza zokaona kumudzi koyamba. Zinthu zinali zitasintha, anthu othawa akubwerera. Ndinkafuna kukaona amayi anga akadali moyo, kukhala pakhonde, kumwa thobwa, chinsinsi changa chili phee pamalo pake. Ndinali nditagula kale zitenje ziwiri, chimodzi cha amayi, china cha amayi ake a Edward.

Gawo lomaliza la sewero linafika sabata ya chaka chatsopano cha Matchaina. Madamu anali ndi alendo osatha, ndipo anandipempha kuti ndigonere komweko masiku asanu ndi limodzi. Kaseti ndinaipatsira a Malcolm pageti, n'kuwauza kuti andidikire. Koma ine mapeto ndinali nditawaona kale. Tinaonera limodzi ndi madamu tikukulunga timabumi tawo ta ufa toika nyama mkati, iwo akundimasulira m'Chiswahili chawo chothyokathyoka. Azibambo a zipewa zakuda anamugwira Namaluwa atanyamula dengu la chakudya. Anavomera kuti amutsatire. Ndiye anawatenga, kuwazunguliritsa tauni yonse, kuwapititsa kutsidya la mtsinje kutali ndi kumene mnyamata anabisala. Atazindikira, anamuwombera. Mnyamatayo anapulumuka. Wowulula uja anali mnzake wa mnyamatayo, osati mtsikana.

Madamu analira, ine ndinalira kuwaposa, mpaka anandifunsa ngati anyezi wandilowa m'maso. Sabata yonseyo ndinkatsuka mbale ndikuyeserera mawu a Namaluwa. Ndinkafuna gawo limenelo ngati madzi. Kamodzi kokha, ngakhale pa kaseti, ndinkafuna kunyamula chakudya n'kukhotera njira ina.

Ndinafika ku Chang'ombe Lamlungu masana, dzuwa likuswa mtengo. Ndisanalowe ndinamva phokoso la kuseka m'shedi ya galaja, mmene a Malcolm ankaonetsera madalaivala kaseti yatsopano. Ndinadabwa, chifukwa mawu a mkazi ndinali ndisanaike. Ndinasuzumira. Anthu analipo khumi ndi angapo pamabenchi ndi pamatayala, ena akudya chipisi, Jeremiya ali kutsogolo kwenikweni. Pa TV Namaluwa anali m'galimoto ya azibambo a zipewa zakuda, ndipo ankalankhula ndi mawu a amuna anga atawapsinya kuti amveke achikazi, timawu tonyang'wa tija amaseweretsa ana.

“Musandimenye mabwana. Pakamwa panga sipanena kanthu. Inu mungotsatira mbale.”

Ndinagwira chitseko cha malata, chikuwotcha, osachisiya. Namaluwa anatsika ndi dengu lake akudziyankhulira kuti futali azizira, ndipo shedi yonse inafa nacho chiseko, akuti futali mpaka ku China. Namaluwa anati mbale yobiriwirayi ndi ya apongozi, yabenthuka m'mphepete, asaigwetse. Za kutsidya la mtsinje zija panalibe. A Malcolm anali atazidula, n'kulumikiza chidutswa cha gawo lakale pamene mtsikana ankalowa m'nyumba ya matumba. Mnyamata wa magalasi anatukula mutu n'kumwetulira, ndipo amuna anga, ndi mawu awo enieni, anati, “Wafulumira lero.”

Onse ankatukwana Namaluwa, wina mpaka anaponya chitsekerero cha botolo pa TV. Jeremiya yekha sanaseke. Kenako anatembenuka pang'onopang'ono, ngati munthu amene akudziwa kale chimene chili kumbuyo kwake, ndipo maso athu anakumana. Ndikanatha kuseka nawo limodzi, mwina zikanapita. Nkhope yanga inakana.

A Malcolm ndinawapeza m'chipinda akumata mapepala pa makaseti, akuimba kamluzu. Ndinawafunsa kuti achita chiyani. Anayamba ndi kundiuza kuti madalaivala a Lachinayi ankafulumira, sakanadikira madamu anga ndi maphwando awo. Anati mapeto a Matchaina aja anali ozizira, mkazi kufera mwamuna ndi zimene aliyense akanalota, pamene izi anthu azikamba mpaka Khirisimasi. Ankalankhula monyada, ngati mmisiri amene akuonetsa mpando umene wakhoma.

“Munalumbira,” ndinatero.

“Dzina ndasintha, iwe. Ndani angadziwe? Ndi Namaluwa ameneyo, wa ku China.”

“Ku China kuli futali? Kuli mbale ya amayi ake a Jeremiya?”

Anakanda m'mutu n'kunena kuti tizinthu ngati timeneto ndi timene timakometsa nkhani, ndiponso sankayembekeza kuti Jeremiya akhala adakali kuno sabata ino. Chimene chinawadandaulitsa n'chimenecho, kuti Jeremiya sananyamuke msanga. Ndinawayang'ana munthu amene ndinagona naye mphasa imodzi zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo ndinazindikira kuti tsiku lija ndikuphupha ndi malungo, iwo akulira nane, khutu lina linkatola nkhani. Anaisunga bwinobwino, liwu ndi liwu, osataya ngakhale kubenthuka kwa mbale, kudikira tsiku limene idzagwire ntchito. Akanandichitira chibwenzi ndi mkazi wina ndikanatukwana, n'kuswa mapoto, mwina n'kukhululuka. Izi zinandipweteka malo amene ndinalibe nawo mawu. Ndinadana nawo, ndipo ndikunena pano osachita manyazi.

Ndinawafunsa ngati ena mwa makaseti a Lachinayi anali opita ku Mponela. Anati vidiyo sho ya ku Mponela ndi imene imaitanitsa moyamba nthawi zonse, ine ndikudziwa.

Nditatuluka, anthu anali atabalalika. Jeremiya anali pa lole yake panja pa geti, atatsegula chitseko. Anatulutsa phukusi limene ndinamupatsa sabata yathayo kuti litsogole kumudzi, la zitenje ziwiri zija ndi shuga, n'kuliika pansi pakati pa iye ndi ine. Sanandipatse m'manja. Sanafunse ngati zinali zoona, nanenso sindinayese kukana. Ndinayamba kufotokoza za galimoto, za mayina atatu aja, za zaka zanga, koma anakweza dzanja kuti ndisiye.

“Mbale ija amayi anakaitola okha m'chigayo,” anatero. “Ilipo mpaka lero. Sadyeramo munthu. Amati mukadzabwera adzakuikiranimo chakudya inuyo, mayi.”

Zaka khumi ndi chimodzi ndinali alamu. Tsiku limenelo ndinasanduka mayi, ngati wogulitsa nthochi pamsewu.

Mlandu suola, ndipo wanga ndi wanga, sindikuukankhira kwa a Malcolm. Koma unali wanga woti ndikaunene ndekha, ndi pakamwa panga, nditagwada, tsiku limene mtima ukanalimba. Mwina silikanafika, sindikudziwa. Iwo anandilanda ngakhale limenelo, n'kuupereka kwa anthu odya chipisi, m'timawu toseketsa.

Ndinamufunsa Jeremiya kuti anyamuka liti. Anati mawa m'mawa akamaliza mapepala a kudoko. Ndinapempha malo. Ndinati sindikalankhula m'njira, sindikapempha madzi, ndikungofuna ndikafike kwa amayi ake ndikawauze ndekha asanamve kwa wina. Anayang'ana tayala.

“Malo alipo,” anatero. “Koma kaseti ya Lachinayi inafika dzulo. Lamlungu amaonetsa katatu, ndipo amayi sachoka pa sipika paja, amadikira mawu anu.”

Ndinayang'ana dzuwa. Inali nthawi ya chionetsero chachiwiri.