Kope la Masautso Anga

"Moyo wako ndi wofewa ngati buledi, Tione," anatero Prosper, akundibwezera ndakatulo zanga. Tinali titakhala pamwala pamwamba pa phiri la Zomba, tikudya masitiroberi. Iye anali wa ku yunivesite. Ine ndinali nditangomaliza Fomu 4, koma mayina a ana athu ndinali nditasankha kale.

"Mabuku ogwira mtima amalemba ndi anthu amene anazunzidwa ali ana. Iwe unazunzidwapo?"

Ndinaganiza mpaka mutu kutentha. Azakhali anga a Phoebe, amene anandilera ku Mtiya, anandiletsapo kupaka milomo. Basi.

Sindikanadikira kuti mavuto achite kundipeza. Sabata yomweyo ndinadzaza kope lonse: azakhali ankhanza, chikwapu, njala ya masiku atatu, ine ndikulira pawindo mvula ikugwa. Mvulayo inkagwa patsamba lililonse.

Loweruka masana ndinawapeza azakhali pakhonde, magalasi ali pamphuno, kope langa lili m'manja.

"Ndiye mfiti ili umuyi ndine?"

"Ndi luso chabe, azakhali."

"Luso. Tsamba lachitatu ndakumana chakudya, lachinayi uli ndi masaya osalala ngati papaya. Unkadya kwa yani? Bwera nacho cholembera."

Anayamba kukhwatcha. Mvula anaichotsa yonse. "Ngakhale Zomba yathuyi sivumba chonchi." Ndinaseka, nawonso anaseka mpaka kuvula magalasi. Kenako anafika pa njala paja.

"Mwana wa njala ya masiku atatu salira pawindo. Mphamvu zake ziti? Amakatola makoko a mbatata kudzala, n'kukadyera kuseri kwa chimbudzi kuti asamuone."

Anatembenuza tsamba.

"Chikwapunso n'cha kusukulu. M'nyumba munthu amatenga chimene chili pafupi."

Anakhwatcha liwulo, pamwamba pake n'kulemba pang'onopang'ono: chingwe cha ayironi.

"Azakhali, zimenezi mukuzidziwa bwanji?"

"Kamupatse Prosper wako wamujambulira timitima pachikutoyu. Tsopano akukwatira."

Anandibwezera kope, n'kukokera mkono wa juzi yawo mpaka pachikhatho. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Ndinaima pomwepo kope lili pachifuwa, ndikufufuza m'mutu tsiku limene ndinaonapo mikono yawo ili pamtunda. Sindinalipeze.