Chombo Chakumwezi cha Leobardo

Bambo a anyamata awiri, Leobardo ndi Nicanor, atapita kumpoto kukathyola malalanje m'minda ya eni ake, anatumiza chinthu chimodzi chokha, kenako anangoti zii mpaka lero. Chinali chibokosi cha tinjerwa tapulasitiki tolumikizana, tabuluu ndi totuwa, timene ukatimanga bwino tinkasanduka chombo chopita kumwezi, cha mapiko aakulu ndi mawindo achikasu. Pa tsiku la Mafumu Atatu, pamene ana onse a mumzinda wa Morelia amasiya nsapato pakhomo kuti m'mawa apezepo mphatso, amayi awo a Dona Chayo anaika bokosilo pakati pa nsapato za ana awo awiri. Koma ngodya imodzi inakhudza nsapato ya Leobardo, wamkuluyo.

"Yakhudza yanga," anatero Leobardo, ndipo mlandu unathera pomwepo.

Tsopano Leobardo anali ndi imvi m'mbali mwa makutu. Ankagulitsa mankhwala m'sitolo ya pakona, nkumagonabe m'chipinda chapamwamba kwa amayi ake. Chombo chija chinkakhala m'kabati yagalasi yokhoma ndi kiyi, kutali ndi zenera, chifukwa dzuwa limasandutsa njerwa zotuwa kukhala ngati mano a munthu wosuta fodya. M'kati mwa chombomo munali kamunthu kofiira kovala chisoti, kakumwetulira, kokhala ndi chithunzi cha mwezi wagolide pachifuwa. Leobardo ankakatcha Kapiteni. Sankakakhudza pachifuwa ngakhale pang'ono, poti golideyo amafufutika ndi chala. Ankakagwira kumapazi, ngati wagwira gulugufe.

Lamulungu lililonse ankatsegula kabatiyo nkununkhiza. Nthawi yomweyo ankabwerera pa simenti yozizira ya m'mawa uja, ali mwana, dzanja lili m'bokosi kutakasa tinjerwa kuti tseketseke, akukhulupirira kuti munthu amene watumiza chinthu chokongola chotere sangalephere kubwera yekha. Mumtima mwake Kapiteni anali bambo ake. Anapita kutali, inde, koma anali akumwetulirabe.

Nicanor sanachigwirepo chombocho. Ali wamng'ono ankangokhala pakhomo la chipinda, chibwano chili pa mawondo, kuonerera. Atakula anamanga kanyumba kuseri kwa bwalo lomwelo, nakwatira, nayamba ntchito youmba mapinyata, miphika yadothi ija imene amaimata mapepala amitundumitundu ndi nyanga zisanu ndi ziwiri, nkuidzaza zipatso kuti ana aiswe pa Khirisimasi.

Chaka china Leobardo anali m'chikondi, ndipo chinamugwira ngati malungo. Mkaziyo anali Griselda, wamasiye wogulitsa maluwa pakhomo la tchalitchi, amene anali ndi kamwana kakakazi dzina lake Itzel. Griselda akaseka, Leobardo ankaiwala mayina a mankhwala. Tsiku lina anamukweza pamwamba kukamuonetsa kabati ija.

"Oo, ndiye mkazi mnzanga ndi ameneyu?" anatero Griselda, mphuno ili pagalasi. "Ndi wokongola ndithu. Koma amaphika?"

"Saphika, komanso sanena miseche."

"Ndiye mukwatire yemweyu, a Leo, muone ngati adzakufunditseni mwezi wozizira uno."

Leobardo anatsimikiza mtima kuti amufunsira ukwati madzulo a phwando la pakhomo pawo. Masiku oyandikira Khirisimasi anthu a mumsewu mwawo ankayenda ndi makandulo khomo ndi khomo, kuimba nyimbo zopemphera Yosefe ndi Mariya malo ogona, ndipo nyumba imene yawatsegulira ndiyo inkadyetsa anthu madzulo amenewo. Loweruka linali la a Dona Chayo.

Lachinayi, banja lonse likukulunga matamale, timikate ta ufa wa chimanga, m'makoko a chimanga kukhitchini, Nicanor anayamba nkhani.

"Achimwene, Emiliano wakhoza mayeso. Ndinamufunsa chimene akufuna. Akuti angogwirako chombo cha bambo aakulu. Kungogwira basi, inu muli pomwepo."

Emiliano, mwana wa Nicanor, anaweramitsa mutu, makutu ali tcheru.

"Ayi," anatero Leobardo.

"Asamba m'manja ndi sopo. Kawiri ngati mukufuna."

"Iwe, si chidole chimene chija."

"Nanga nchiyani, ukaristiya? Inetu ndadikira mpaka dazi landimera. Bokosi lija linali pakati, amayi ali apawa anene."

Leobardo akanangokhala chete. Koma m'mutu mwake munali Griselda, ndipo munthu amene akukondedwa amadziona wamtali.

"Bambo anatumizira mwana wawo," anatero akumanga tamale. "Za iweyo, msewu wonse ukudziwa kuti mphuno imeneyo inachokera kwa wogulitsa makala uja."

Mkazi wa Nicanor anakoka mwana wake nkutuluka naye. Nicanor anaseka pang'ono, kuseka kopanda mano. A Dona Chayo anangopukuta manja pa epuloni pang'onopang'ono, chala chimodzichimodzi, kenako dzanja lawo linapuma pa mulu wa makiyi umene unkalendewera m'chiuno mwawo. M'nyumba imeneyo munalibe loko imene mayiwo analibe kiyi wake wachiwiri.

Loweruka Leobardo anaweruka mochedwa. Anafika dzuwa litangolowa, anthu atayamba kale kuimba pachipata, ndiye sanakwere pamwamba. Anangopesa tsitsi pagalasi la pakhonde nkulowa m'gulu. Bwalo linadzaza. Fungo la ponche, chakumwa chotentha cha magwafa ndi nzimbe, linali ponseponse. Griselda anavala mpango wofiira, ndipo kuwala kwa kandulo kunkavina pakhosi pake. Leobardo anabwereza mawu ake mumtima. Pinyata ikangosweka, amutengera pansi pa mtengo wa mandimu.

Pinyatayo inali yaikulu kuposa zonse zimene Nicanor anaumbapo, yabuluu ndi yotuwa, nyanga zake zachikasu. Nicanor mwini wake anakwera padenga atagwira chingwe. Ana anafola mzere, aang'ono patsogolo. Aliyense ankamangidwa m'maso, kuzunguliridwa mpaka chizungulire, nkupatsidwa ndodo, anthu akuimba nyimbo yomulimbikitsa. Koma mwana akati amenye, Nicanor ankakoka chingwe, mphika nkuthawira m'mwamba. Itzel anamenya mphepo. Emiliano anamenya mphepo. Mzere wonse unatha, nyanga ngakhale imodzi isanathothoke.

"Iwe Nicanor, ana alira awa!" anakuwa mayi wina. "Tsitsa!"

"Mphika wa chaka chino ngwa amuna!" anayankha ali padenga. "Kodi muno mulibe mwamuna? Achimwene! Aonetseni alamu athu kuti mikonoyo si yowerengera mapiritsi okha!"

Bwalo lonse linaphulika ndi kuseka. Griselda anavula mpango wake.

"Bwerani kuno, a Leo. Mukauphonya, ndikwatiwa ndi wa padengayo."

Anamumanga yekha. Mpangowo unkanunkhira tsitsi lake ndi maluwa oyera a kutchalitchi. Manja ambiri anamuzunguza, ndodo inalowa m'manja mwake, nyimbo inayamba. Ulendo uno Nicanor sanakoke chingwe. Anautsitsa mphika bwinobwino mpaka nyanga imodzi inamukhudza Leobardo pamphumi, ngati ikumupatsa moni.

Leobardo anamenya. Mphika unalira, ndipo m'kati mwake munamveka tseketseke. Si mmene amalirira mtedza, si mmene amalirira manachesi. Leobardo anaima, ndodo ili m'mwamba. Phokosolo ankalidziwa, koma linali pamalo olakwika, monga kumva mawu a amayi ako m'nyumba ya mowa.

"Menyani, a Leo!" anakuwa Griselda. "Menyani, wokondedwa!"

Anali asanamutchulepo choncho. Leobardo anamenya ndi mphamvu zonse za m'thupi mwake.

Mphika unati phwaa! Zinthu zing'onozing'ono zinamugwera pamutu ndi m'mapewa ngati matalala. Ana anadumphira pansi akukuwa, akuluakulu nawonso, poti pa pinyata palibe wamkulu. Chimene chagwa nchake cha amene watola, ndipo ngakhale wansembe sangalande mwana nachesi wake. Pansi pa nsapato panayamba kumveka kuti tswa, tswa.

Leobardo anachotsa mpango kumaso. Pafupi ndi phazi lake panali windo lachikasu, litang'aluka pakati. Ndodo yake yomwe ndiyo inaling'alula.

"Siyani!" anakuwa. "Imani! Musaponde!"

Ndani akanamva? Tinjerwa tabuluu tinali mbwee pakati pa zigoba za mphika, nzimbe ndi masiwiti. Ana anali kukokolola ndi manja awiri, kuthira m'matumba, m'masokosi, m'masiketi. Phiko limodzi linali m'kamwa mwa khanda. Leobardo anagwada nkuyamba kukwawa, munthu wa imvi, buluku lake latsopano likukhuta madzi a manachesi ophwanyika.

"Chimenecho nchanga. Bweretsa. Iwe, bweretsa!"

"Ndatola ndine!"

"Aa, a Leo, manyazi!" anatero bambo wina akuseka, kapu ili m'manja. "Mukulimbirana ndi ana? Chagwa chagwa!"

Leobardo anakweza maso padenga. Nicanor anali atakhala m'mphepete, miyendo ikulendewera, akupinda chingwe chake mosafulumira.

"Taonani pansipo, achimwene," anatero. "Chakhudza nsapato ya aliyense."

A Dona Chayo anali pa mphika wa ponche, akutungira anthu. Sanatembenuke.

Apo ndi pamene Leobardo anamuona Kapiteni. Anali m'manja mwa Itzel, pansi pa mtengo wa mandimu womwe uja. Mwanayo anali atamupeza m'matope a zipatso, ndiye ankamupukuta mwachikondi ndi chala chachikulu chonata shuga, pachifuwa penipeni, uku akumuimbira.

Leobardo anafika akukwawabe.

"Itzel, mwana wabwino. Ndipatse kameneko. Ndikugulira chidole chachikulu mawa, cha tsitsi lenileni."

Mwanayo anafumbata dzanja nkulibisa kumbuyo.

"Ayi. Nkanga. Kakundisekerera."

"Usakapukute! Ndipatse."

"A Leo," anatero Griselda kumbuyo kwake, mawu akadali ofewa. "Musiyeni agone nako lero. Mawa ndikubweretserani ndekha, ndalumbira."

Mawa. Usiku wonse pansi pa chala chimenecho. Leobardo anagwira mkono wa mwanayo nkuupotokolera kutsogolo. Kadzanjako kanali kotentha, kolimba ngati mango osapsa. Anayamba kutsegula zala, chimodzichimodzi. Itzel analira, koma sanasiye. Chala chapakati chinakana, ndiye Leobardo anachikankhira kumbuyo mpaka chinalira kuti thyo.

Kukuwa kwa mwanayo kunazimitsa phwando lonse. Woimba gitala anasiya pakati pa nyimbo.

Griselda ananyamula mwana wake. Sanatukwane, sanamumenye. Anayang'ana chala chimene chinali chitayamba kutupa, kenako anayang'ana munthu wogwada pamaso pakeyo, amene maso ake sanali pa mwana koma pa kanthu kofiira kamene kanali m'dzanja lake.

"Kali bwino?" anafunsa Griselda. "Sikanapweteke?"

"Griselda, simukumvetsa. Bambo anga..."

"Ndamvetsa. Mpangowo sungani, muzikafunditsa."

Anthu anapatuka kumupatsa njira. Emiliano ndiye anathamanga kukamutsegulira chipata, matumba ake akulira tseketseke. Mabanja ena anatsatira, aliyense akukoka ana ake, ndipo chombo chija chinatuluka pachipatapo pang'onopang'ono, kulowera m'nyumba zonse za mumsewuwo.

Leobardo anakwera pamwamba. Kabati inali yotseka bwinobwino, galasi lopukutidwa, m'kati muli mbee. Anaimika Kapiteni pakati pa shelefu nkuyatsa getsi. Chisoti chinali chitathyoka pachibwano. Pachifuwa panalibe mwezi, panangotsala kufiira kosalala. Kumwetulira kokha ndiko kunalipo, komwe kuja, ngati kwa munthu amene sakukudziwa koma akufuna kuoneka waulemu.

Pamasitepe panamveka mapazi olemera. A Dona Chayo anaima pakhomo akupuma movutikira, mbale ya matamale ili m'dzanja limodzi. Anaiika patebulo. Kenako anamasula kiyi wamng'ono pa mulu wawo nkumuika pambali pa mbaleyo.

"Wako wachiwiri uyu," anatero. "Uzitseka bwino, mwanawe. Muno muli akuba."